Tidalira Maliro a Mwana Wamoyo

Ine ndine munthu wa pakamwa, zimenezo ndivomeretu poyamba. Ndaphunzitsa Sitandade 5 zaka zambirimbiri m'masukulu a kuno ku Nsaru, ndipo ana amene adadutsa m'manja mwanga, ena pano ali ndi imvi, akandiona pamsika amayamba apisira malaya. Bambo akunyumba ndi osiyana nane. Iwo ndi mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya, munthu woti ukawafunsa funso m'mawa yankho limabwera dzuwa litapendeka. Tidabereka ana anayi. Nkhani iyi ndi ya mzime wathu, mtsikana, amene adapita kukaphunzira udokotala ku Ukraine.

Adamutumiza kumeneko ndi mlongo wanga wa m'tauni, ataona kuti mwanayo mutu ulipo koma malo kusukulu ya udokotala ya kuno wasowa. Dzina la dzikolo ndidalimva koyamba tsiku lomwelo. Ndidakalifunafuna pa mapu a kusukulu kwathu osalipeza, chifukwa mapuwo adali akale kuposa dzikolo.

Kwa zaka zitatu tinkalankhulana Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Kwathu netiweki imagwira bwino malo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa chigafa cha fodya. Ndiye ndinkakwera pamenepo ndi foni yanga, anthu odutsa n'kumati aphunzitsi ayamba kulalikira chiswe. Mwana wanga ankagona chipinda chimodzi ndi mtsikana wa ku Zambia, wa mtundu wa Abemba, wamtali, wa thupi, woseka mokweza. Chinyanja chake chidali chodukaduka, china chotola m'misewu ya ku Lusaka, china chotola kwa mwana wanga. Ankakonda kulanda foni n'kufuula kuti, "Amai, mwana wanu sakudya, ni ine nimuphikila!" Ine uphunzitsi n'kundikwera. Ndinkati, "Iwe, sitinena kuti nimuphikila. Timati ndimamuphikira." Iye n'kuseka mpaka foni kulira makutu, sabata yotsatira n'kubwerezanso zomwezo.

Nkhondo idayamba kumapeto kwa February, chaka cha 2022, ife titayamba kumene kuthyola fodya wa pansi. Tidamva pa wailesi m'mawa kuti asilikali a Russia alowa m'dzikomo. Tauni imene ankaphunzira mwana wathu idali kufupi ndi malire a dziko lomwelo. Ndidasiya phala pamoto n'kuthamangira pachulu. Foni idaitana kanthawi, kenako ndidamva mawu ake: "Tili bwino, amayi." Kumbuyo kwake kunkamveka kugunda. Ndidafunsa kuti kodi kumeneko kukugwanso mvula? Adati, "Si mvula, amayi."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkakwera chulu chija katatu, kanayi pa tsiku. Ana aja adatsikira m'chipinda cha pansi pa nthaka cha nyumba imene ankagona, pamodzi ndi anthu ena ambiri. Nthawi zonse yankho lidali lomwelo, tili bwino. Sindidamukhulupirire ngakhale kamodzi, pakuti adaphunzira kwa ine. Ife kuno timati tili bwino titanyamula wodwala panjinga. Zoona zake zinkangomupulumuka pang'onopang'ono. Lero akuti magalasi a mawindo onse asweka. Mawa akuti sitolo imene ankagulako mpunga yapsa, aima pamzere wa buledi maola atatu n'kubwerako chimanjamanja. Tsiku lina akuti madzi asiya kutuluka m'mipope, akusungunula chisanu choundana cha panja m'poto kuti amwe. Adandiuzanso za nyumba yosanjikizana ya tsidya la msewu, imene idang'ambika mbali imodzi, moti ankatha kuona bedi la munthu wina kumwambako, loyalidwa bwinobwino, ndi katani ikuuluzika. Atanena zimenezo adawonjezera msanga kuti, "Koma tili bwino."

Ndidali ndi mantha oti sindidakhalepo nawo chibadwire. Komabe fodya sadziwa nkhondo, akakhwima wakhwima. Bambo ankathyola, ine ndi alamu anga, alongo awo a bambowo, tinkasoka m'chigafa. Amayi a mvano ankabwera kudzapemphera nafe Lachinayi, ndipo wina aliyense wokumana nane panjira ankafunsa kuti, "Kodi mwana uja bwanji?" Ine n'kumayankha kuti ali bwino.

Sabata yachiwiri ili mkati, mwana wanga adati aganiza zothawa. Adamva kuti kusiteshoni kukunyamuka sitima zopita kumadzulo, kumalire a Poland. Adati, "Moto m'foni watsala pang'ono. Mukapanda kundimva musade nkhawa. Tapatsana manambala ndi mnzanga uja, ine ndalemba ya amayi ake, iye walemba yanu." Ndidamuuza kuti avale masokosi awiriawiri. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti mwa mawu onse a padziko ndidasankhiranji amenewo.

Padapita masiku awiri kuli zii. Amene mumatumizirana mauthenga pa foni mukudziwa: uthenga ukachoka kwa iwe pamaoneka tiki imodzi, ukafika kwa mwini wake pamaoneka matiki awiri. Ine ndachonga makope a ana moyo wanga wonse, koma sindidadziwe kuti tiki imodzi ingathe kumuwondetsa munthu.

Lachitatu m'mawa tili m'chigafa ndi alamu, foni imene ndidaikoleka pamsomali wa mzati wa kuchulu idalira. Udali uthenga wa mawu, wochokera kwa mtsikana wa ku Zambia uja. Ndidaupanikiza ndi chala cha utomoni wa fodya, tonse awiri n'kutchera khutu. Mwanayo ankalira. Kumbuyo kwake kudali phokoso la anthu ndi kulira kwa chipangizo chochenjeza anthu za mabomba. Adati:

"Amai, ni ine. Mwana wanu asogola lelo kuseni. Ise tasala. Mulimbe mtima, amai. Mutipempheleleko."

Basi, n'kuduka.

Kwathu kuno munthu waulemu sanena kuti uje wafa, ngati akunena mbuzi. Timati watisiya, kapena timati watsogola, ndipo amoyofe ndife otsala. Mawu oti limbani mtima timauza namfedwa. Mwana uja adanena zitatu zonsezo, akulira. Alamu ndiwo adayamba kukuwa. Ine ndidangoona kuti ndili pansi, singano ya fodya ili m'manja, ndipo mawu amene ankatuluka m'kamwa mwanga sindinkawadziwa. Amayi adatuluka m'minda akuthamanga, makasu atataya.

Bambo adafika atakumbatira masamba a fodya. Adawaika pansi bwinobwino, n'kutenga foni, n'kumvetsera uthengawo katatu. Kenako adati, "Mayi, mwana uyu Chichewa sachidziwa bwino. Tiyeni tiyambe tadekha."

Ayi ndithu, pamenepo ndidawalusira. Ndidati, "Tidekhe chiyani? Mukufuna kalata ya sitampa? Mwana wanu wafa, inu mukufuna muyambe mwaitanitsa seshoni ya akulu a mpingo?" Ndidanena zambiri, zina zosayenera kulembedwa, anthu onse akumva. Bambo adakwera pachulu n'kuyesa kuimba nambala ya mtsikanayo, koma siinkapezeka. Adaimbira mlongo wanga m'tauni, amene adazungulira maofesi tsiku lonse osapeza womuuza zenizeni.

Nkhani ya maliro siidikira munthu. Amuna awo a alamu adakauza amfumu. Pofika masana mipando idali itatulutsidwa panja, mikeka itayalidwa m'nyumba. Amayi a mvano adafika atavala zoyera, ena atasenza nkhuni, ena ufa m'timbale. Achibale a ku Kabudula adafika pa njinga zamoto. Bambo sadaletse chilichonse kupatula chinthu chimodzi. Anthu atathyola masamba oti akaike pamsewu, kuti odutsa adziwe kuti pano pali zovuta, iwo adaimirira n'kunena kuti, "Masamba ayi. Ndiyambe ndamva kwa munthu wachiwiri." Adatenga foni yanga n'kuiika m'thumba mwawo, n'kubwerera kuchigafa kukapachika fodya amene tidamusiya pansi.

Anthu adayamba kunong'ona. Ena ankati chisoni chawazunguza mutu. Ena ankati fodya amukonda kuposa mwana, ndipo ena adayamba kale zija mukuzidziwa, zoti munthu wosalira mwana wake pali chimene akudziwa. Ine, mkazi wawo wa zaka zonsezi, sindidawaikire kumbuyo. Ndidali m'gulu la owanenawo, ndipo mawu anga ndiwo ankamveka kwambiri.

Chimene chinkandipweteka koposa chidali choti palibe mtembo. Ndinkaganiza za mwana wanga atagona pamsewu wa eni ake, pachisanu, popanda womufunditsa nsalu, popanda wodziwa dzina lake. Ndidatulutsa juzi yake ya kusekondale m'sutikesi n'kuikumbatira, osafuna kuti wina aikhudze. Mayi wina wachikulire adati akale, munthu akafera kutali kumigodi, ankaika thunthu la nthochi m'manda. Mkulu wina wa mpingo adamudzudzula, koma ine mumtima ndidali nditayamba kale kusankha nthochi yake.

Tidakhala choncho Lachitatu ndi Lachinayi. Lachisanu dzuwa litapendeka, amayi akuimba m'nyumba, ndidamva anthu panja akuchita phokoso lachilendo. Bambo adalowa akuthamanga. Chikwatirane sindidawaonepo akuthamanga. Adaponda miyendo ya amayi a mvano osapepesa, n'kundigwira dzanja. "Pachulu! Bwerani pachulu, muno foni yaduka!" Adandikoka ngati mwana wokana kusukulu, juzi ija ili m'manja. Titafika pamwamba foni idaliranso, nambala yachilendo yaitali.

"Amayi?"

Ndidakhala pansi pachulu pomwepo.

"Amayi, mukundimva? Ndili ku Poland. Foni yanga idaphwanyika, iyi ndabwereka kwa mayi wina wogawa tiyi. Kodi kumeneko kukuimbidwa nyimbo za maliro? Wamwalira ndani?"

Ndidati, "Iweyo."

Iye adati, "Ine? Kodi mnzanga sadakuuzeni kuti ndatsogola?" Ndisanayankhe adati mwini foni akuifuna, aimbanso mawa.

Zimene zidachitika pabwalo paja sindingathe kuzifotokoza bwino. Nthungululu, kulira, kuseka, zonse pamodzi. Alamu adagubuduka pansi. Amayi omwe aja, ndi nsalu zomwe zija, adasintha nyimbo n'kuyamba kuvina. Wina adafunsa kuti nanga ufa uja titani nawo, anthu n'kufa nacho chiseko. Bambo adangokhala pamzati wa chigafa, chipewa chili pankhope, mapewa akugwedezeka. Apo ndi pamene adalira.

Ine chimwemwe chidandigwira, inde, koma posakhalitsa manyazi adabwera pambuyo pake. Mudzi wonse ndidausonkhanitsa. Anthu adasiya minda masiku atatu. Mwamuna wanga ndidamunyoza pagulu. Ndipo ine, mphunzitsi wa Chichewa, ndidagwa ndi liwu limodzi la Chichewa! Manyazi a munthu ngati ine sachedwa kusanduka ukali, ndipo ukaliwo umafuna pogwera. Anthu asanabalalike ndidakweranso pachulu, n'kupanikiza foni, n'kulankhula kwa mtsikana wa ku Zambia uja. Ndikukumbukira liwu lililonse. Ndidati, "Iwe mwana, ukadziwa kuti chinenero sukuchidziwa uzitseka pakamwa. Watiliritsa maliro a munthu wamoyo masiku atatu. Ukadandipha ine ndi mtima ukadapindula chiyani? Kusukulu konseko udapitira chiyani, wopanda nzeru iwe?"

Bambo adali atafika m'munsi mwa chulu. Adati, "Mayi, musatumize mawu mtima uli m'mwamba." Ndidawaonetsa foni. Uthenga udali utapita kale, pali tiki imodzi.

M'mawa mwake mwana wanga adaimbanso, ulendo uno kwa nthawi yaitali, n'kundiuza zonse. Adayenda wapansi kupita kusiteshoni, awiriwiri, akudutsa galimoto zopsa ndi magalasi okhaokha pamsewu. Kusiteshoni adapeza anthu osawerengeka, amayi ndi makanda, nkhalamba pa mipando ya matayala, agalu, masutikesi otayidwa. Sitima ziwiri zidawasiya. Pakhomo la sitima alonda ankati ayambe amayi ndi ana, koma akaona khungu lakuda ankakankhira kumbuyo. Yachitatu itafika, mnzake uja adati, "Iwe ndiwe wochepa thupi, ungalowe." Adamuika patsogolo pake, n'kumukankha ndi chifuwa, n'kumukankhabe, akulalatirana ndi alonda, mpaka adamunyamula m'chiuno n'kumuponya mkati. Foni ya mwana wanga idagwa pamenepo n'kupondedwa. Chitseko chidatsekeka. Pawindo adamuona mnzakeyo ali panja, chipewa chitagwa, akumuonetsa ndi manja kuti andiimbira ine.

"Ndiye adakuimbiranidi," adatero mwana wanga. "Amayi, kodi wakutumizirani china? Ine sindikumupeza."

Mwana wa eni adamulowetsa mwana wanga m'sitima ndi thupi lake, iye n'kutsala pansi pa mabomba. Ndi moto wotsiriza wa m'foni yake sadaimbire amayi ake, adaimbira ine, kuti mtima wanga ukhale pansi. Adanena zoona zokhazokha: mnzake adatsogola, iye adatsala. Pamene ankati mulimbe mtima ankatanthauza kuti ndisaope. Pamene ankati mutipempherereko, ine sindidamve n'komwe, pakuti ndidali nditayamba kale kulira wanga. Masiku atatu mudzi wonse udapempherera mwana amene adali m'sitima, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adatchula amene adatsala pasiteshoni.

Ndidatumiza uthenga wachiwiri tsiku lomwelo, wopepesa, ndikulira. Udakakhala pansi pa woyamba uja, nawonso ndi tiki imodzi.

Mwana wanga adafika kuno fodya tikumanga mabelo. Adali atawonda, nkhope itada. Chitseko chikamenyeka ndi mphepo ankagwa pansi n'kubisa mutu. Mvula yomaliza ya chaka chimenecho itagunda, tidamupeza kunsi kwa tebulo, munthu wamkulu woti akadakhala dokotala. Tsiku lililonse ankakwera chulu chija kufunsa anzake amene adabalalikira m'maiko osiyanasiyana. Wina adati adamuona mtsikanayo akubwerera kunyumba imene ankagona. Wina adati adamuona akukwera galimoto ya anthu ena yopita kumadzulo. Kupitirira apo palibe adadziwa kanthu.

Tsiku lina masana mwana wanga adandipatsa foni n'kuti, "Amayi ake a mnzanga akufuna alankhule nanu." Ndidafuna kuthawa, koma ndikadathawira kuti? Mayiyo adali ndi mawu ofatsa. Tidalankhula mosakaniza, Chingerezi pang'ono, Chinyanja pang'ono. Adati wamva kuti mwana wake adanditumizira mawu ali pasiteshoni, ndipo palibe wina amene adamumvanso kuchokera pamenepo. Adapempha kuti ndimutumizire mawuwo, angomvako. Ndidatumiza. Patapita kanthawi adaimbanso, mawu atasasa. Adathokoza, kenako adafunsa kuti, "Kodi mudamuyankha?"

Ndidati, "Ndidamuyankha, mayi."

Adati, "Zikomo. Ngati adamva, ndiye kuti adamvako mawu a mayi."

Ine wa pakamwa uja, sindidawauze zimene ndidayankha, ndipo mpaka lero sindidawauze. Nditatsika pachulu ndidapita kuchigafa kumene kudali bambo, n'kugwada, n'kupepesa zonse zimene ndidawanena pamaso pa anthu. Iwo adangoti, "Dzukani, mayi, mudetsa nsalu." Za uthenga uja sadanditonzepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akadanditonza.

Mwana wanga pano akugwira ntchito pa chipatala china chaching'ono, udokotala uja sadaumalize. Ana anga andigulirapo foni yatsopano kawiri, ndakana. Iyi galasi lake lidang'aluka, batire yake siichedwa kutha, koma mauthenga awiri aja ali mommuno, wotukwana pamwamba, wopepesa pansi. Mwana wanga adandiuza kuti ndikadafuna kuufafaniza woyambawo kuti usakafike, ndikadatero masiku omwewo, pano nthawi idatha. Ndiye ngati foni ya mtsikana uja idzayakenso, choyamba kumva chidzakhala mawu anga ndikumutcha wopanda nzeru.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndimakwerabe pachulu, ngakhale mawondo ayamba kukana. Ndimatsegula dzina lake n'kuyang'ana. Pempho langa kwa Mulungu ndi limodzi, ndipo kumvano sindilitchula chifukwa sangalimvetse. Ndimapempha kuti tsiku lina ndidzapeze matiki awiri, mwana uja adzamve kutukwana kwanga konse, adzakwiye, adzandiimbire n'kundilalatira m'Chinyanja chake chodukaduka chija. Sindidzamukonza ngakhale liwu limodzi.